Mmene ma settings amafikira ku module yake mu Laravel, ndi chifukwa chake env() imakubwezerani null pa server

Mwezi wa June uja kukuzizira koopsa muno mu Mzuzu, mmawa chifunga chili tho, mng'ono wanga wina amene akumaliza sukulu anandiimbira foni ali kakasi, akuti achimwene system yasiya kutumiza ma SMS koma pa laptop yanga ikutumiza bwinobwino. System yakeyo anapangira kagulu kena kobwereketsana ndalama cha ku Chibavi, ndi ya Laravel, framework ya PHP yopangira ma system a pa intaneti, anayigawa magawo atatu omwe timati ma module, Mamembala, Ngongole ndi Sms. Ine ndinangofunsa funso limodzi basi, kuti dzulo wataipa chani pa server? Akuti php artisan config:cache, ndinamva kuti imapangitsa system kuthamanga. Ndinati bwera kuno ku Katoto ndi laptop yakoyo, ukwere kabaza ndilipira ndine kkkk.

Titatsegula code ndinapeza zomwe ndimayembekezera, mkati mwa class yotumiza ma SMS analemba env('SMS_KEY') pompo, env() ndi function yotengera ma setting mu file ya .env. Ndiye zomwe ndinamufotokozera tsiku lija ndi zomwe ndikulemba apa, chifukwa vuto limeneli ndaliona kwa anthu angapo ndipo nanenso linandigwetsapo ndikuyamba kumene.

Choyamba mumvetse kuti setting siimadziwa module yake. Palibe matsenga apa. Mukapita pa depoti ya mabasi mmawa muona matumba a usipa ochokera ku Nkhata Bay ataunjikana, onse ofanana, chomwe chimapangitsa kuti thumba lifike kwa mwini wake ndi dzina lolembedwa ndi maka pamwamba paja basi. Ma settings ndi chimodzimodzi, onse amaunjikidwa malo amodzi, mu array imodzi yaikulu yomwe Laravel amasunga, ndipo module imapeza zake pogwiritsa ntchito dzina. Dzina likalakwika thumba limatsala pa depoti, kapena kutengedwa ndi wina.

Ulendo wake uli chonchi. Request ikafika Laravel amayamba wawerenga file ya .env yomwe imasunga ma key ndi ma password, kenako amawerenga ma file onse a mu folder ya config, ndipo dzina la file ndi lomwe limakhala dzina la thumba, config/mail.php imakhala mail, config/app.php imakhala app, nchifukwa chake mumatha kulemba config('app.timezone') nkulandira Africa/Blantyre ngati munasintha kuchoka pa UTC yomwe imabwera nayo. Akamaliza zimenezo ndi pamene amayamba kuyitana ma service provider, ma class omwe amalembetsa ndi kukonza zinthu app ikamadzuka, poyamba register() ya provider aliyense mpaka onse athe, kenako ndiye boot() ya aliyense. Ndondomeko imeneyi muyisunge mmutu chifukwa mavuto ambiri amachokera pomwepa.

Tsopano module yanu ili ndi folder yakeyake, tinene Modules/Sms, ndipo Laravel sayang'ana mmenemo payekha. Ndiye mumayamba mwalemba file ya config mkati mwa module, Modules/Sms/config/sms.php

```php
return [
    'yayatsidwa' => env('SMS_YAYATSIDWA', false),
    'dzina' => env('SMS_DZINA', 'GULU'),
    'gateway' => [
        'url' => env('SMS_URL'),
        'key' => env('SMS_KEY'),
        'timeout' => 15,
    ],
];
```

Apa ndi pokhapo pomwe env() ikuloledwa kuoneka, mu file ya config basi, kwina kulikonse ayi. Ndibwereranso pa nkhani imeneyi.

Kenako mu provider wa module mumamangirira file ija ku dzina lake

```php
public function register(): void
{
    $this->mergeConfigFrom(__DIR__.'/../config/sms.php', 'sms');
}
```

Liwu lomaliza lija, 'sms', ndiye maka ija yolembera pa thumba. Kuyambira pamenepa config('sms.gateway.url') ikugwira ntchito. Ndipo onetsetsani kuti provider mwamulembetsa, ngati muli pa Laravel 11 yomwe inatuluka mu March 2024 kapena yatsopano kuposa apo mumamuika mu bootstrap/providers.php, ngati muli pa zakale ndi mu config/app.php pa mndandanda wa providers. Amene mumagwiritsa ntchito package ya nwidart/laravel-modules imakupangirani provider wokhala kale ndi zimenezi, komabe tsegulani muone dzina lomwe yaika, musamangokhulupirira. Ndiponso posankha dzina pewani mayina omwe Laravel anatenga kale monga mail, queue, cache, services, auth. Mukatcha module yanu 'mail' zanu zisakanikirana ndi zake ndipo mudzakhala usiku onse mukusaka chomwe chavuta.

Mpaka apa ma settings angofika pa depoti, sanafike mmanja mwa class yomwe ikuwafuna. Anthu ambiri amangolemba config('sms.gateway.key') paliponse mu code, mu controller, mu job, mu blade (ma file a masamba) momwe, zimagwira ntchito inde koma tsiku lomwe mudzasinthe dzina limodzi mudzasaka ma file makumi awiri. Ine ndimakonda kuti class isamapite yokha kukatenga, izingolandira kudzera mu constructor, ndipo amene amayipatsira ndi provider

```php
$this->app->singleton(WotumizaSms::class, function ($app) {
    $c = $app['config']->get('sms');

    if ($c['yayatsidwa'] && empty($c['gateway']['key'])) {
        throw new RuntimeException('SMS_KEY palibe, onani .env');
    }

    return new WotumizaSms(
        $c['gateway']['url'],
        $c['gateway']['key'],
        (int) $c['gateway']['timeout'],
    );
});
```

Izi mumazilembanso mu register() momwemo. Function ili mkatimo siyithamanga nthawi yomweyo, imadikira mpaka wina apemphe WotumizaSms koyamba, nde pofika nthawi imeneyo ma provider onse amakhala atalembetsa zawo. Ndipo taonani ka exception kaja, kamaoneka kachabechabe koma kanakakhalapo mng'ono wanga uja sakanataya masiku awiri, system ikanakuwa yokha kuti key palibe mmalo mongokhala chete mamembala osalandira uthenga wokumbutsa ngongole. Class ya WotumizaSms siikudziwa kuti kuli .env kapena config, ikungodziwa kuti yapatsidwa url, key ndi timeout, ndiye polemba test mumangoyipatsa zabodza basi osavutika.

Ngati ndi setting imodzi yokha pali njira yachidule, $this->app->when(WotumizaSms::class)->needs('$dzina')->giveConfig('sms.dzina'), kutanthauza kuti class imeneyi ikafuna $dzina ipatseni za mu thumba la sms. Ndi yabwino koma ikakhala mizere isanu ndi umodzi ine ndimabwerera ku singleton, imawerengeka bwino.

Tsopano tibwerere ku config:cache ija. Command imeneyi si yoipa, pa server muziyipanga ndithu. Chomwe imachita ndi kutenga ma config onse, a app ndi a ma module omwe, nkuwaphatikiza mu file imodzi, bootstrap/cache/config.php, kuti Laravel asamatsegule ma file ambirimbiri pa request iliyonse. Koma file imeneyo ikangopezeka, Laravel amasiyiratu kuwerenga .env. Amati zonse ndili nazo kale ndikavutikirenji. Ndiye env('SMS_KEY') yomwe inali mu file ya config ilibe vuto chifukwa inawerengedwa nthawi yopanga cache ndipo yankho lake linasungidwa, koma env('SMS_KEY') yomwe ili mkati mwa class imabwera chimanjamanja, null, pokhapokha ngati variable imeneyo inaikidwa pa server penipeni osati mu .env. Pa laptop sizioneka chifukwa kawirikawiri sitipanga cache pa laptop. Nkhani yonse ya mng'ono wanga inali imeneyi, tinasintha mizere itatu, tinapanganso cache, ma SMS nkuyamba kutuluka tiyi asanazizire.

Cache yomweyi ili ndi misampha ina iwiri yomwe ndikufuna muyidziwe. Woyamba, mergeConfigFrom imadumpha ntchito yake ngati cache ilipo. Ndiye mukawonjezera module yatsopano, tinene Malipoti, nkuyikweza pa server pomwe pali cache yakale, config('malipoti') ikhala null ngakhale code yonse ili bho, chifukwa thumba limenelo silinalipo tsiku lomwe cache imapangidwa. Mankhwala ake ndi kupanganso config:cache nthawi iliyonse mwakweza code kapena mwasintha .env, osaiwala. Wachiwiri ndi wa ife a shared hosting omwe timapanga zip folder yonse nkuyiponya pa cPanel. Ngati munapangapo cache pa laptop, file ija imapita nawo mu zip, ndipo mkati mwake muli ma path a laptop yanu, za C:\xampp\htdocs zija, komanso password ya database ya pa laptop. Server imayesa kulemba ma log ku drive C yomwe kulibe nkugwa ndi error 500 yopanda kufotokoza. Ngati mulibe terminal lowani mu File Manager, pitani ku bootstrap/cache, fufutani config.php, basi yadzuka. Komanso musaike function mkati mwa file ya config, cache imakana kusunga zoterozo ndipo command imalephera.

Pali nkhani ina yomwe ndimaona kuti ndi yobisika kuposa zonsezi, ya kasakanizidwe. Module imabwera ndi ma settings ake oyambira koma mwini app amafuna kusintha zina osakhudza code ya module. Njira yake ndi kuyika izi mu boot()

```php
$this->publishes([
    __DIR__.'/../config/sms.php' => config_path('sms.php'),
], 'sms-config');
```

kenako php artisan vendor:publish --tag=sms-config imakopera file ija ku config/sms.php ya app. Tsopano ma file alipo awiri a dzina limodzi, ndipo wopambana ndi wa app, za module zimangodzaza mipata yomwe yatsala. Zabwinobwino. Koma kudzaza mipatako kumachitika pamwamba pokha, sikulowa mkati mwa array yomwe ili mkati mwa inzake. Ndikupatseni chitsanzo chomwe chinandichitikira ineyo. Netiweki imavuta, ma SMS amaduka asanapite, ndiye ndinati ndikweze timeout kuchoka pa 15 kufika pa 40, ndipo pofuna ukhondo ndinafufuta zina zonse mu config/sms.php ya app nkusiya izi zokha

```php
return [
    'gateway' => ['timeout' => 40],
];
```

mmutu mwanga ndimati url ndi key zichokera ku module. Ayi ndithu. 'yayatsidwa' ndi 'dzina' zinabweradi kuchokera ku module chifukwa zili pamwamba, koma 'gateway' yonse inalowedwa mmalo ndi yangayo, url ndi key zinasowa. Pansi pake mergeConfigFrom imagwiritsa ntchito array_merge ya PHP, ndipo array_merge ikapeza dzina lofanana imangotenga lachiwiri lonse lathunthu. Ndiye mwina mukopere gawo lonse la gateway mukamasintha kanthu kamodzi, kapena polemba module musamazamitse ma array, lembani 'gateway_url', 'gateway_timeout' pamwamba pomwepo. Amene mukufunadi kusakaniza mpaka mkati, PHP ili ndi array_replace_recursive, mutha kuyigwiritsa ntchito nokha mu provider, koma samalani ndi mindandanda ya manambala, imasakaniza potengera malo ndipo mutha kupeza zinthu zomwe munachotsa zabwereranso.

Ina yoseketsa koma yodya ndalama. Zonse za mu .env ndi mawu, si manambala kapena boolean. Laravel amathandiza pang'ono, akaona true kapena false kapena null amazisandutsa zenizeni. Koma mnzanga wina pofuna kuzimitsa ma SMS nthawi yoyeserera analemba SMS_YAYATSIDWA=ayi, Chichewa chabwinobwino eti, koma kwa PHP mawu aliwonse omwe si opanda kanthu kapena "0" ndi true, ndiye "ayi" anakhala eya, ma SMS oyeserera anapita kwa anthu enieni ndipo mayunitsi anatha. Ngakhale mutalemba no kapena off ndi chimodzimodzi. Lembani false basi. Manambala nawonso muziwasandutsa nokha mu config, (int) env('SMS_TIMEOUT', 15), makamaka ngati mumagwiritsa ntchito strict types. Ndipo password ikakhala ndi # kapena mpata pakati ikeni mu ma quote, kupanda apo imadulidwa kapena file yonse imakana kuwerengeka.

Nanga module ina ikafuna setting ya inzake? Mwachitsanzo Ngongole ikufuna kudziwa ngati ma SMS ayatsidwa isanakumbutse munthu. Chiyeso chimakhala kulemba config('sms.yayatsidwa') mkati mwa Ngongole, ndipo Laravel sakuletsani, thumba lililonse aliyense atha kupisamo dzanja. Koma mukatero ma module anu agwirana ngati nthochi pa mkoko, tsiku lochotsa Sms kapena kusintha dzina Ngongole igwa nawo. Ine ndimati Ngongole ingopempha WotumizaSms nkunena kuti tumiza, zoti wayatsidwa kapena ayi adziwe yekha wotumizayo. Ndipo ngati pali chomwe module yanu ikufuna kuchita ndi service ya module ina nthawi yodzuka, chichitikire mu boot() osati mu register(), chifukwa mu register() simukudziwa ngati mnzanuyo walembetsa kale kapena ayi, zimatengera ndani ali pamwamba pa mndandanda wa ma provider.

Apa ndinenepo maganizo anga pang'ono, ena mutsutsa. Si chilichonse chosinthika chomwe chiyenera kukhala mu config. Mng'ono wanga uja anaika chiwongola dzanja cha ngongole mu .env, ndiye gulu likakumana Lamlungu masana nkugwirizana kutsitsa, msungichuma amayenera kumuimbira foni iyeyo kuti alowe pa server. Zimenezo ndi za mu database, zokhala ndi tsamba lake lomwe msungichuma atha kusintha yekha, komanso zolembedwa kuti anasintha ndani tsiku liti, chifukwa nkhani za ndalama za gulu mawa anthu adzafunsa. Config ndi ya zinthu zomwe amasintha ndi wopanga system, ma key, ma url, ma timeout. Komanso config(['sms.dzina' => 'CHINA']) mkati mwa code siisunga kanthu, imakhala ya request yomweyo basi ikatha zaiwalika, ndi yothandiza mu ma test mokha.

Ndisanaiwale, ngati ma SMS anu amadutsa mu queue, mzere wa ntchito zodikira, ndipo ayenera kutero, worker ya queue:work yomwe imagwira ntchito zimenezo imadzuka kamodzi nkukhala ndi ma settings omwe inawapeza nthawi imeneyo mpaka kalekale. Mutha kusintha .env, kupanganso cache, tsamba nkumaonetsa zatsopano koma worker ikugwiritsabe key yakale. Taipani php artisan queue:restart, ndipo pakhale china chake monga Supervisor choti chiyidzutsenso ikazima, apo ayi ma job angounjikana.

Amene muli pa Java kapena C# musaone ngati izi ndi za PHP zokha. Mu Spring Boot maka ija ndi @ConfigurationProperties(prefix = "sms") pamwamba pa class, mu ASP.NET Core ndi GetSection("Sms") yomangiriridwa ku class ya options. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumeneko framework imakudzazirani class yokha potengera mayina a ma field, pomwe mu Laravel mumadzaza nokha mu provider monga tachitira pamwambapa.

Tsopano zikavuta, ine ndimayenda motere ndipo kawirikawiri sizidutsa mphindi khumi. Ndimayamba ndi php artisan about, pamenepo pamalembedwa ngati config ili CACHED kapena NOT CACHED. Kenako php artisan tinker, yomwe imakulolani kuyesa code pa terminal, nkutaipa config('sms') kuti ndione ndi maso zomwe zili mu thumba, pa ma version atsopano php artisan config:show sms imachitanso zomwezo. Ikabwera null yonse ndiye kuti provider sanalembetsedwe, kapena dzina la thumba lomwe munaika mu mergeConfigFrom ndi lina, kapena cache ndi yakale. Apa kumbukiraninso kuti server ya Linux imasiyanitsa Config ndi config pomwe Windows ya pa laptop siisamala, folder yoyamba ndi chilembo chachikulu yagwetsa anthu ambiri. Thumba likabwera koma mkati muli null pa key imodzi, ndiye ndi .env, onani kalembedwe ka dzina mbali zonse ziwiri, SMS_KEY ndi SMS_API_KEY si chinthu chimodzi. Likabwera losowa ma key ena ndiye ndi kasakanizidwe kaja, tsegulani config/sms.php ya app. Ikabwera value yomwe simunalembe paliponse, funsani ngati pa server kapena mu Docker munaikidwa variable ya dzina lomwelo, chifukwa ya pa server imapambana ya mu .env. Zonse zikakhala bwino mu tinker koma system ikuchitabe zakale, ndi worker ija, kapena env() yobisala penapake, isakeni ndi

```
grep -rn "env(" app Modules routes resources --include=*.php
```

chilichonse chomwe chatuluka chomwe sichili mu folder ya config chisamutseni. Kwa mng'ono wanga zinatuluka zisanu ndi ziwiri, imodzi inali mu blade ya risiti, dzina la gulu limasowa pamwamba pa pepala chipangireni cache ija osazindikira, amayi a ku Chibavi amangolandira marisiti opanda mutu nkumaganiza kuti inki ya printa yatha. Tinakonza zonse, ndinamulembera ka file ka deploy.sh kokhala ndi git pull, composer install --no-dev, php artisan migrate --force, config:cache ndi queue:restart motsatana choncho, nkumuuza kuti .env asadzayiponyenso pa GitHub ndipo key ija yomwe inapita kale akayisinthe lero lomwe. Ya kabaza yobwerera analipira yekha.